Mutu 6: Chingwe Chonyambitidwa

1. Katoni yochokera ku Joni

Katoni inafika Lachinayi masana, pa thiraki lonyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni. Anaitsitsa pa Zalewa, pafupi ndi amayi ogulitsa manachesi, ndipo Pemphero anaisenza mpaka kunyumba asanavule n'komwe yunifomu.

M'katimo munali makina a gemu, akuda bii, ndi zipangizo zake. Anatumiza ndi mchimwene wake Lucius. Pa foni Lucius ananena mosapita m'mbali kuti makinawo ndi a Pemphero. Loweruka lililonse, akamaliza za kusukulu, azitulutsa TV pakhonde, anzake azisewera, iye azipezapo ya sopo ndi makope.

Koma chinthu chimodzi munalibe. Chingwe cholumikiza makinawo ndi TV sichinaoneke. Kaya Lucius anaiwala, kaya chinatsalira m'njira, palibe anadziwa.

Nkhani sichedwa pa Zalewa. Dzuwa lisanalowe, amalume ake a Pemphero, a Laimoni, anali atafika kale. Iwowa anali ndi nyumba ya vidiyo kuseri kwa msika. Anakhala pampando, nayang'ana makina aja ngati munthu wanjala.

"Achemwali," anatero kwa mayi ake a Pemphero, "zinthu izi si za mwana wamkazi. Aziphwanya tsiku limodzi. Mbumba ino woyang'anira ndine. Makinawa apite kwanga, kumene kuli anthu odziwa mawaya."

A Constance, mayi ake a Pemphero, sakanawakanira achimwene awo pamaso. Mwini mbumba sayankhidwa choncho. Anapukuta manja pachitenje, kenaka anati, "Achimwene, mwanayu mupatseni mpaka Loweruka. Dzuwa la Loweruka likalowa chithunzi chisanaoneke pa TV, mudzanyamule. Sindidzalankhulanso."

A Laimoni anaseka. "Chabwino. Ndiye iwe Pemphero, Loweruka m'mawa ubwere udzatenge chingwe kwa ine. Ndili nazo mulu. Ndisadzamve kuti ndinakumana chingwe."

2. Ku vidiyo kwa amalume

Loweruka m'mawa Pemphero anafika ku vidiyo anthu asanayambe kulowa. Anali asanapondemo chibadwire. Atakankha chitseko cha malata, fungo linamulandira ngati khofi la patsaya. Linali fungo la thukuta la dzulo, mkodzo wa pakona, ndi chinachake chowola chimene sichinkaoneka.

Pansi panali zotafuna za nzimbe, makoko a mtedza, ndi makhololo ouma. Mabenchi anali akuda ndi litsiro la manja. Tsache linalipo, litatsamira khoma, koma akangaude anali atalimangira kale nyumba.

A Laimoni anali kutsogolo, akudya chipisi cha m'jumbo. Mafuta ankayenderera mpaka m'chigongono.

"Wafika, bwana wamkulu wa magemu? Bwera kuno uphunzire ntchito."

Anayatsa TV yawo yakale, ya chimsana chachikulu. Chithunzi chinabwera, koma chinkavina. Kuseri kwake kunali zingwe zitatu zija anthu amati mabanana, chachikasu, chofiira ndi choyera. A Laimoni anazula chachikasu, nachiyika m'kamwa momwe munali chipisi, nachinyambita bwinobwino. Atatero anachibwezera, n'kuchipotokola mwamphamvu uku ndi uku. Chithunzi chinakhazikika.

"Waona? Malovu ndiye mankhwala a chingwe. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuchita zimenezi. Kusukulu kwanuko amaphunzitsa?"

Pemphero anayang'ana kumbali. "Ayi, amalume."

Kenaka a Laimoni anakoka chitini cha penti pansi pa tebulo. Atachitsegula, mphemvu zinabalalika, zina kukwera pamkono pawo. Anazikutumula osaziyang'ana. Anapisa dzanja m'mulu wa mawaya osakanikirana ndi zitosi za makoswe, natulutsa chingwe chakuda cha mutu waphwatalala.

"Ichi ndiye cha HDMI, chimene makina ako akufuna. Makoswe anangochilawa pang'ono pakatipa, koma ndinachikonza ndekha."

Pakati pa chingwecho panali chotupa ngati bondo. Anali atakulungapo mapepala a shuga, n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Chingwe chonse chinali chonata.

Pemphero anagwada pang'ono, nachilandira ndi manja awiri monga mwa ulemu. Atangotuluka panja anachiponya m'jumbo, napita pa mjigo kukasamba m'manja. Anasamba ndi mchenga, kawiri.

3. Pa benchi ya a Gerishon

Pafupi ndi pamene msewu wa ku Mwanza umapatukira, pansi pa mtengo, pankakhala a Gerishon. Anali bambo wachikulire wokonza mawailesi ndi ma TV. Ntchitoyi anaiphunzirira ku Luwani kalekale, akukonzera mawailesi anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki. Tebulo lawo linali laling'ono, koma chilichonse chinali pamalo pake, ndipo pambali pankakhala kansalu koyera.

"Muli bwanji, agogo?"

"Ndili bwino, kaya iwe mwana wa a Constance? Wanyamula chiyani m'jumbomo, mbewa?"

Pemphero anafotokoza zonse, za katoni, za amalume, ndi za dzuwa la Loweruka. A Gerishon anatulutsa chingwe chija ndi pulayala, osati ndi zala. Anadula mphira, nafunyulula mapepala a shuga. M'katimo timawaya tating'ono ngati tsitsi tinali titapotedwa pamodzi, tonse mtolo umodzi. Pakati pake panali dzira la mphemvu, lofiirira ngati nyemba.

"Ha! Laimoni!" A Gerishon analavulira kumbali. "Khala pansi, mwana wanga, ndikuuze. Umve bwino, chifukwa sindibwereza.

"Mabanana aja ndi zingwe za kale. Chingwe chilichonse chili ndi njira imodzi basi. Chikaduka, umasenda, umapota, chimagwira. Mutu wake ndi wozungulira, ndiye ukaupotokola dzimbiri limachoka, chithunzi n'kubwera. Si malovu amene amagwira ntchito, ndi kupotokolako. Malovuwo ndi amene amabweretsa dzimbiri la mawa. Koma anthu kuno anazolowera, ndipo chimene anazolowera amachiyesa nzeru.

"Tsono ichi ndi china. Suzumira m'mutumu. Ukuona timano? Tilipo khumi ndi tisanu n'tinayi. Kalikonse kali ndi kawaya kake, kalikonse kali ndi ntchito yake. Malume wako watenga tonse n'kutimanga pamodzi ngati nkhuni. Ukakalowetsa chimenechi, ukakhala ndi mwayi sichikaonetsa kanthu. Ukapanda mwayi, chikakuwonongera makina.

"Chachiwiri. Mutu uwu si wozungulira. Mbali ina ndi yotakata, ina yopapatiza. Umalowa njira imodzi, mofewa, ngati supuni m'kamwa mwa khanda. Ukakana, usaukakamize. Ndipo usadzalole munthu, kaya ndi ndani, aupotokole uli m'kati. Timano ta pa chingwe tikathyoka, ugula china. Koma ta m'makina tikathyoka, ine pano sindingakonze. Ndakuuziratu.

"Chachitatu. Madzi ayi. Malovu ayi. Mafuta a chipisi ayi. Makoswe sadya chingwe chifukwa chokonda pulasitiki yekha. Amatsata fungo la zakudya limene manja athu asiyapo. Mphemvu nazo zimakonda makina ofunda. Ukamasiya nyenyeswa pafupi, mwezi umodzi zikhala zitabereka m'kati. Ndatsegulapo makina a anthu ine, ndinalephera kudya tsiku lonse."

Pemphero anafunsa, "Nanga chabwino ndikachidziwa bwanji, agogo?"

"Kuchokera pa TV kufika pa makina pali mtunda wotani?"

Pemphero anatambasula dzanja limodzi. "Chonchi. Zonse zikhala patebulo limodzi."

"Ndiye ukagule chachifupi, mita imodzi ndi theka yakwana. Chachitali chimangokwawa pansi, anthu n'kumachiponda, makoswe n'kumachipeza. Usakakopeke ndi bokosi. Akakuuza kuti chagolide chimawalitsa chithunzi, ukawauze akuonetse ndi maso. Zingwe izi pa kamtunda kotere, chikakhala chabwino chithunzi chimabwera chonse. Chikakhala choipa chimathwanima kapena kuzimiratu. Palibe zoti ichi chikuwala kuposa icho. Ukagwire pakhosi pake, pamene mutu wakumana ndi chingwe, ukaone ngati mpolimba. Ndipo usakapereke ndalama asanakuyesere pa TV, iwe ukuona. Wogulitsa akakwiya, akwiye. Makinawo si ake."

Atatero anatenga chingwe cha a Laimoni ndi pulayala yomwe ija, nachiponya m'dzenje la zinyalala.

"Agogo! Amalume akakafunsa?"

"Ukawauze kuti chili kwa ine. Abwere adzatole okha."

4. Zingwe zitatu

Shopu ya zamagetsi inali pakati pa butchala ndi malo ometera. Wogulitsa anali mnyamata wa tcheni m'khosi, dzina lake Wisdom. Ankatokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Sisi, mwabwera nthawi yabwino. Mukufuna chaja? Mahedifoni?"

"Chingwe cha HDMI."

Wisdom anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Akutumani ndani?"

"Ndadzituma ndekha."

Anatulutsa zitatu. Choyamba chinali m'bokosi lonyezimira, chachitali mamita khumi, mitu yake yagolide. Chachiwiri chinali chopyapyala ngati ulusi wa thumba, chopanda pepala lililonse. Chachitatu chinali chakuda wamba, chachifupi, m'kapulasitiki.

"Kwa munthu ngati inu, ichi," anatero Wisdom akusisita bokosi lija. "Orijino. Golide weniweni. Mukaika ichi, osewera mpira mumawaona mpaka thukuta."

Pemphero analigwira bokosilo. Kunena zoona, linali lokongola. Anaganiza za nkhope ya amalume ataona golideyo, ndipo kwa kanthawi sanafune kulibweza. Ndalama imene mayi ake anamupatsa m'mawa kuti mwina ingafunike ikanathera pomwepo, koma ikanakwana.

Analibweza pa kauntala. "Tayesani zonse zitatu pa TV yanuyo."

"Aaa, sisi, za m'bokosi sititsegula."

"Bokosili ndi lotsegula kale. Mwamata ndi selotepi apa."

Ometa tsitsi awiri amene anaima pakhomo anaseka. Wisdom analavula kamtengo kaja pansi, pafupi ndi phazi la Pemphero. Pemphero anasuntha phazi, koma sanachoke.

Anayamba ndi chagolide, kulumikiza dikoda ya m'shopumo ndi TV. Chithunzi chinabwera, amayi a kwaya atavala zoyera. Anaika chakuda chachifupi chija. Amayi omwewo, zoyera zomwezo.

"Thukuta lija lili pati?" anafunsa Pemphero.

"Maso anu sanazolowere, sisi."

"Eti? Ikani chachitatucho."

Chopyapyala chija chinaonetsanso bwino. Koma Pemphero atangochikhudza pakhosi ndi chala, TV inathwanima, n'kuda, n'kubweranso. Anabwezeretsa chakuda chachifupi, nachikhudza chimodzimodzi. Amayi a kwaya sanagwedezeke.

"Ndipatseni ichi."

"Mtsikana wovuta inu," anatero Wisdom. "Amene adzakukwatireni adzaonda."

"Adzaonda, koma TV yake izidzaonetsa."

Anasuzumira m'mitu yonse iwiri kuona ngati timano tili towongoka, nachikulunga m'mpango wake woyera.

5. Mawu a mayi

Atafika kunyumba anapeza njinga ya a Laimoni itatsamira mtengo wa mango. Pa kaliyala panali kale mphira zomangira katundu. Dzuwa linali litapendeka koma lisanalowe, komabe eni ake anali atabwera kale kudzanyamula.

A Constance anamukokera kuseri kwa khitchini.

"Chingwe cha amalume ako chili kuti?"

"Chinali chowola, amayi. A Gerishon ataya. Ndagula china."

A Constance anagwira pakamwa. Kenaka analankhula motsitsa mawu, koma mwamphamvu.

"Tamvera, Pemphero. Ndikudziwa mmene achimwene alili. Ndinakula nawo nyumba imodzi, mbale yawo sindinkafuna kudyeramo. Koma ndi amalume ako. Tsiku limene udzadwale, woyamba kuuzidwa ndi iwo. Tsiku la ukwati wako, wokhala kutsogolo ndi iwo. Ine ndikadzafa, woimirira pamaliro anga kunena za inu ndi iwo. Munthu wotere sumuchititsa manyazi. Akalankhula, iwe chete. Akalakwitsa, iwe chete, ndidzawauza ndine nthawi yake. Usawayankhe, usawatsutse, ndipo usayerekeze kuwalanda kanthu m'manja. Makina amabwera n'kupita. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Analowa m'nyumba. A Laimoni anali pampando wa pafupi ndi tebulo, akutafuna nzimbe, zotafunazo akulavulira m'mbale ya tiyi. Katoni inali pambali pa mwendo wawo.

"Chingwe changa chija chagwira?"

"Chinali ndi vuto, amalume. Ndapeza china."

"Vuto?" Anayang'ana a Constance. "Mwamva, achemwali? Wayamba kale kundiphunzitsa. Chabwino. Tiyeni tione nzeru za Fomu 3."

6. Chithunzi chikana

Pemphero anasamba m'manja, nawapukuta. Anaika makina patebulo, pambali pa TV imene Lucius anatumiza chaka chatha, imene mayi ake ankaonerapo nyimbo za kwaya. Anayang'ana mutu wa chingwe, mbali yotakata ndi yopapatiza, naulowetsa kuseri kwa TV. Unalowa mofewa. Mutu winawo anaulowetsa m'makina. Kenaka anayatsa zonse.

Kagetsi ka makina kanayaka. Makinawo anayamba kulira pang'onopang'ono ngati mphaka.

TV inangokhala buluu.

Anadikira. Buluu yemweyo.

A Laimoni anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinanena ine! Chingwe chatsopano chimakhala chouma. Sichingagwire chisanalawe malovu. Choka apo."

Anaimirira, namukankhira pambali ndi chigongono. Anazula chingwe m'makina. Pemphero anayang'ana mayi ake. A Constance anapukusa mutu pang'ono, kumuuza kuti akhale chete.

A Laimoni anatulutsa lilime. Linali ndi timinga ta nzimbe. Ananyambita mutu wa chingwe chija mbali imodzi, nautembenuza, nanyambita inayo. Kachingwe ka dovu kanatsalira pakati pa mlomo ndi chitsulo. Kenaka anapendeketsa makina ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chitakonzeka kale kupotokola. Mutuwo anali ataugwira chadodolido.

Pemphero anaika chikhatho chake pa kabowo ka makina.

Chitsulo chonyowa chinamugunda kuseri kwa dzanja. Anamva kuzizira kwa malovu pakhungu. Koma sanachotse dzanja. Ndi dzanja linalo anagwira chingwe, nachisolola m'zala za amalume ake.

"Pemphero!" anakuwa a Constance.

"Pepani, amalume. Ichi sanyambita. Sapotokolanso. Muthyola timano ta m'kati."

A Laimoni anayang'ana dzanja lawo lopanda kanthu ngati si lawo.

"Achemwali, mwana uyu wandilanda chinthu m'manja?"

"Achimwene, ndi chibwana..."

"Ine ndinamunyamula ali khanda uyu. Anandikodzera pa thalauzi langa la ku tchalitchi. Lero akundiuza kuti malovu anga ndi onyansa?"

"Sindinatero, amalume."

"Nkhope yako yatero!" Anabwerera pampando, nakhala mwamphamvu. "Chabwino. Sindichoka. Dzuwa ndi ilo. Likangolowa, ndikumanga katundu wanga."

7. Dzuwa pa zenera

Pemphero anatenga mpango wake woyera, napukuta mutu wa chingwe mbali zonse. Anausuzumira m'kati pa kuwala. Malovu sanafike pa timano, koma m'mphepete munali chinyezi. Anauika pa zenera, pamene dzuwa linkagunda, kuti uume. Kenaka anatuluka kukasamba dzanja ndi sopo. Analitikita mpaka linafiira.

Atabwerako, dzuwa linali litatsikira pamwamba pa mitengo ya kumadzulo. Chithunzithunzi cha mtengo wa mango chinali chitafika pakhonde.

"Lowetsa msanga, mwanawe," ananong'ona a Constance.

"Chisanaume ayi, amayi."

"Musiyeni," anatero a Laimoni. "Akuwotcha chingwe ngati mbewa. Mwina adya."

Podikirapo, Pemphero anagwada kuseri kwa TV. Anayang'anitsitsa pamene analowetsa chingwe. Pambali pa kabowoko panali timalemba tating'ono: HDMI 2. Pansi pake, pamene panali mabanana a DVD ya mayi ake, panalembedwa AV. Anadzuka, nayang'ana kutsogolo. Pakona ya buluu uja, pamwamba, panalinso malemba awiri omwewo: AV.

TV inali ikuyang'anabe khomo la mabanana. Chingwe chinalibe mlandu.

Anatenga mutu uja pa zenera. Unali wofunda, wouma. Anazimitsa makina, naulowetsa mbali yoyenera, nayatsanso. Anatenga rimoti, nafufuza batani losinthira makomo. Pa TV panatuluka mndandanda. Anatsika kamodzi, kawiri, mpaka pa HDMI 2, nadina.

TV inada bii. A Laimoni anayamba kudzuka.

Kenaka kuwala kunadzaza chipinda chonse. Panatuluka bwalo la mpira, udzu wobiriwira ngati wa m'dimba, mizere yoyera yowongoka, ndi nyimbo imene inagwedeza mbale ya tiyi ija patebulo.

"Mayo ine!" anatero a Constance, manja ali m'mutu.

Kunja dzuwa linali likadalipo, lofiira, lathunthu.

A Constance anatembenukira kwa achimwene awo. "Achimwene, tinapangana. Chithunzi ndi icho. Makinawa akhala pano."

A Laimoni anawerama, natola chipewa chawo chimene chinagwera pafupi ndi katoni, nachedwako pang'ono. Anadzuka, nalavula chotafuna chomaliza pansi penipeni pa simenti, osati m'mbale. Anatuluka osatsanzika. Kunamveka kulira kwa tcheni cha njinga.

8. Katoni

A Constance anakhala pampando, napumira m'mwamba.

"Makina wawapulumutsa. Koma mawa tikachoka ku tchalitchi, upita kwa amalume ako ukagwade. Ukapepese chifukwa cha dzanja lakolo. Sindikufuna kumva kuti koma."

"Ndikapepesa, amayi. Koma akanathyola."

"Ndikudziwa. Ndinaona. Tenga tsache uchotse zonyansazi, kenaka undionetse mmene zimaseweredwera zinthu zakozi."

Pemphero anasesa, nakataya mbale ya zotafuna ija kudzala, naitsuka ndi phulusa. Atabwerera, pa TV panali patatuluka chithunzi cha padi, kachipangizo ka mabatani kamene wosewera amagwira m'manja. Pansi pake panali mawu omuuza kuti adine batani lapakati. Popanda padi, makinawo sangamve chilichonse.

Anapita pa katoni. Anaikamo dzanja. Anatulutsa mapepala, napisanso. Anaitembenuza, naikutumula.

Munagwa kapulasitiki kamene padiyo inakulungidwamo. Kanali kong'ambidwa, ndipo pakona pake panali chidindo cha chala, chonata ndi madzi a nzimbe.

Pemphero anathamangira pakhonde. Kutali, panjira yopita kumsika, njinga inkakhota. Thumba la jekete la a Laimoni linali lotupa mbali imodzi.

"Amayi," anatero osatembenuka, "kugwada kuja sikudikira mawa."

Anayamba kuvala nsapato.